Bafa limodzi, anthu awiri: tichite chiyani kuti pasakhale mkangano?

Mayi Nyirenda:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha tikambirane za bafa limene anthu awiri akugwiritsa ntchito, kaya ndi mwamuna ndi mkazi wake, kaya ndi anthu ongogawana nyumba. Madandaulo ake sasintha: wina wachedwa mkati pamene mnzake akuthamangira kuntchito, madzi otentha atha, tsitsi latseka potulukira madzi, thawulo lonyowa lili pansi, tishu watha koma wina sanaikidwe. Amene mukudziwa bwino zimenezi, tiuzeni zochita zenizeni zoti munthu angayambe mawa m'mawa. Kungouza anthu kuti "muzimvana" sikuthandiza ngati sakudziwa kuti amvane pa chiyani.

a Mbewe:
Zikomo mayi poyambitsa nkhaniyi. Ndiyambe ndi madzi otentha, chifukwa anthu amakangana pa nkhaniyi asanawerengere n'komwe.

Choyamba yezani shawa yanu. Tengani ndowa ya malita 10, tsegulani shawa monga mmene mumatsegulira posamba, muone kuti ndowayo idzaza pa nthawi yaitali bwanji. Ikadzaza pa mphindi imodzi ndiye kuti shawa yanu imatulutsa malita 10 pa mphindi, ndipo mashawa ambiri amasewera pamenepo. Tsono tinene kuti giza yanu, thanki yotenthetsera madzi, ndi ya malita 150, madzi ake afika madigiri 60, a kumpopi wozizira ali pa madigiri 20. Munthu amasamba madzi a madigiri pafupifupi 40, kutanthauza kuti theka ndi otentha, theka ndi ozizira. Kusamba kwa mphindi 10 kumatenga malita 100, ndipo 50 mwa amenewo achokera mu giza. Wosamba mphindi 20 watenga malita 100 a mu giza, magawo awiri mwa atatu. Otsalawo sakhalanso pa 60, chifukwa madzi ozizira amakhala akulowa pansi pa thanki nthawi yonse imene otentha akutuluka pamwamba.

Giza ya 3 kW imafuna mphindi pafupifupi 47 kuti itenthetsenso malita 50, ndipo malita 100 amafuna ola ndi theka. Choncho wachiwiri akalowa woyamba atangotuluka, asadabwe kupeza madzi ofunda chabe. Njira zake ndi ziwiri: aliyense asapitirire mphindi 7 kapena 8 madzi akutuluka, kapena mmodzi azisamba usiku, wina m'mawa. Kutseka mpopi pamene mukudzola sopo kumachepetsa madzi kwambiri popanda kufulumizitsa munthu.

a Jere:
A Mbewe, nanga kutsitsa giza kufika pa madigiri 45 kapena 50 si bwino? Magetsi angachepe, komanso palibe angapse.

a Mbewe:
Ayi achimwene, musatero. Kachilombo kotchedwa Legionella, kamene kamayambitsa chibayo choopsa, kamaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo munthu amakapumira mu timadontho ta shawa. N'chifukwa chake madzi osungidwa m'thanki amayenera kukhala pa 60. Chinanso, mukatsitsa kutentha, wosamba sasakanizanso madzi ozizira ambiri, ndiye thanki imatha msanga kuposa kale, ndipo mkangano uja mwaukulitsa. Za kupsa mwanena zoona: madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, makamaka la mwana kapena la munthu wokalamba. Potsegula yambani ndi mpopi wozizira, potseka yambani ndi wotentha. Ndipo womaliza kusamba asasiye chogwirira cha mpopi chitaloza kotentha.

Mayi Gondwe:
Pa nkhani ya nthawi ya m'mawa, funso lofunika ndi lakuti: ndi ntchito ziti zimene zimafunadi madzi? Kusamba, kutsuka mano, kumeta ndevu ndi kupita kuchimbudzi. Kudzola mafuta, kupesa, kudzikongoletsa kumaso ndi kuvala sizifuna bafa. Ikani kalilole wina kuchipinda pamalo owala bwino, ndipo mphindi 15 zimene munthu amaima pa sinki zimasamukira komweko.

Kenako khalani pansi muwerengere chobwerera m'mbuyo. Wotuluka m'nyumba moyambirira, mwachitsanzo 7 koloko, ndiye alowe m'bafa poyamba, ngakhale mnzakeyo atadzuka kale. Aliyense apatsidwe nthawi yake, mwachitsanzo 5:50 mpaka 6:10, wina 6:15 mpaka 6:35. Mphindi 5 zapakatizo zisiyeni dala, kuti nthunzi ituluke komanso kuti wofuna chimbudzi mwachangu apeze mpata. Ngati chimbudzi ndi shawa zili m'chipinda chimodzi, wolowa kukasamba azifunsa kaye kuti, "Mufuna kuchimbudzi ndisanalowe?" Ndi mawu ochepa, koma amathetsa kugogoda kwa chitseko munthu ali ndi thovu kumutu.

Foni isalowe nawo. Imatalikitsa nthawi munthu osazindikira, komanso imanyamula tizilombo kuchoka kuchimbudzi kupita patebulo.

Mayi Kalua:
Ine ndikambepo za zinthu zosayenera kubwerekana, chifukwa apa anthu okwatirana ndi amene amalekerera kwambiri. Amati, "Si ndife thupi limodzi?" Chikondi chilipo ndithu, koma tizilombo timadutsabe.

Lezala ndi la munthu mmodzi. Pometa pamakhala timabala tosaoneka ndi maso, ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Mswachi chimodzimodzi, chifukwa nkhama zimatha kutuluka magazi potsuka. Chowengera zikhadabo ndi makina ometera akhalenso a aliyense payekha, kapena atsukidwe ndi kupukutidwa ndi spirit asanapite kwa wina.

Miswachi iime choimirira, mitu ili m'mwamba, isakhudzane. Kapu imodzi yoikamo miswachi iwiri imachititsa kuti mitu izigundana, komanso pansi pa kapuyo pamasonkhana madzi onyansa. Musaivindikire ndi tizisoti ta pulasitiki ikadali yonyowa, chifukwa mswachi wosauma ndi umene umasunga tizilombo. Sinthani pakatha miyezi itatu kapena inayi, kapena msanga ngati tsitsi lake layamba kutambasuka.

Thawulo losambira likhale la mwini wake, ndipo mitundu isiyane kuti pasakhale kusokoneza. Zipere, mphere ndi matenda oyabwa a pakati pa zala za kumapazi zimayenda kudzera pa thawulo. Lichapidwe likagwira ntchito katatu kapena kanayi, ndipo ngati wina ali ndi vuto la pakhungu, lake lichapidwe palokha m'madzi a madigiri 60 ndi kuumitsidwa mpaka gwa. Kathawulo kopukutira m'manja ndiye kogawana, kotero kasinthidwe masiku awiri alionse.

a Jere:
Nanga sopo wa chibuluma, mayi? Ena amanyansidwa kugwiritsa ntchito sopo amene wadutsa pathupi la wina.

Mayi Kalua:
Sopo sadetsa nkhawa kwambiri ngati lezala kapena mswachi. Chofunika n'chakuti atsukuluzidwe akagwira ntchito ndipo akhale pa choikira chokhala ndi mabowo, kuti asamire m'madzi n'kusanduka phala. Komabe kunyansidwa kwa munthu sikofunika kukutsutsa ndi mfundo za sayansi. Ngati mmodzi safuna kupeza tsitsi la mnzake pa sopo, aliyense akhale ndi wake, nkhani yatha. Chimene ndingakanize ndi chinkhupule. Chimasunga khungu lakufa ndi chinyontho, choncho asagawane, ndipo chipachikidwe poti mphepo ikudutsa osati pansi pa shawa.

Achemwali Tadala:
Moni akuluakulu. Zonse mwanenazi ndi zoona, koma ine ndikuona kuti mkangano waukulu umachokera pa mawu akuti "ndakonza". Kwa wina kukonza m'bafa ndi kukolopa pansi basi. Kwa wina n'kukwecha kuseri kwa chimbudzi, kuchotsa tsitsi, kupukuta kalilole. Onse awiri amanena zoona malinga ndi mmene anakulira, n'chifukwa chake aliyense amadziona wolakwiridwa. Ndiye ntchitoyo iyenera kutchulidwa mbali ndi mbali, osangoti "lero ndi inu".

Pali zochita za aliyense akangomaliza kugwiritsa ntchito, zimene sizidikira tsiku lokonza. Kutsukuluza sinki kuti pasatsale malovu, mankhwala otsukira mano kapena tinyenyeswa ta ndevu. Kutola tsitsi pa kasefa ka potulukira madzi n'kulitaya mu bini. Kukokera pansi madzi a pakhoma ndi pagalasi la shawa ndi chopalira cha labala chija. Kuyang'ana m'chimbudzi mukagejemula, ndipo ngati mwatsala zizindikiro, burashi ili pomwepo. Kupachika thawulo ndi kamphasa kopondapo. Zonsezi sizipitirira mphindi ziwiri kapena zitatu.

Kukonza kwa pa sabata kumayenda motere. Thirani mankhwala m'kati mwa chimbudzi poyamba, mpaka kunsi kwa mkombero, muwasiye agwire ntchito kwa mphindi 10 pamene mukukonza zina. Yambirani pamwamba kutsikira pansi, ndiponso poyera kupita ponyansa: kalilole, mashelefu, sinki ndi mipopi, shawa, kenako chimbudzi. Pa chimbudzipo yambani ndi pogejemulira ndi thanki, chivindikiro, pokhalira mbali zonse ziwiri, m'mahinji, kunja kwa mbale mpaka pansi pomwe yakhudza simenti kapena matayilosi. Fungo la mkodzo limene silichoka limakhala m'mahinji ndi pansi pamenepo. Malizani ndi kukolopa, kuyambira kukona yakutali kubwera kuchitseko. Musaiwale chogwirira chitseko ndi swichi ya magetsi.

Nsalu zikhale ziwiri za mitundu yosiyana, ya chimbudzi isafike pa sinki. Burashi ikatha ntchito ipanikizeni pansi pa pokhalira, mutu uli m'kati mwa mbale, idonthe mpaka iume musanaibwezere m'choikira chake. Mukaibwezera yonyowa, m'choikiramo mumadzaza madzi onunkha.

Mayi Gondwe:
Achemwali, mwalongosola bwino. Koma pogawana ntchitoyo ine ndimakonda kuti aliyense akhale ndi mbali yakeyake yosasintha. Wina chimbudzi ndi pansi, wina shawa ndi sinki. Zikatero pakada pamadziwika mwini wake.

Achemwali Tadala:
Mayi, pamenepo tisiyane pang'ono. Kwa anthu okwatirana zingatheke, chifukwa amatha kubwezerana pa ntchito zina za m'nyumba. Kwa ongogawana nyumba, amene wapatsidwa chimbudzi mpaka kalekale amayamba kuwawidwa mtima, ndipo amene sachikwecha sasamala mmene akuchisiyira. Kusinthana sabata ndi sabata, munthu mmodzi bafa lonse, kumachititsa kuti aliyense adziwe kulemera kwa zimene amasiya. Tsiku likhale lodziwika, mwachitsanzo Loweruka dzuwa lisanalowe, ndipo ndandandayo ipachikidwe kuseri kwa chitseko. Wapaulendo anene msanga kuti asinthane.

Mayi Gondwe:
Ndamva, ndipo pa ongogawana nyumba ndavomera. Pa banja ndikhalabe pa maganizo anga, malinga ngati onse awiri anasankha okha mbali zawo, osati wina kungopezeka kuti zonse zagwera iye chifukwa ndi amene maso ake amaona litsiro msanga.

Mayi Kalua:
Popeza tafika pa mankhwala okonzera, pali chenjezo limene aliyense wokhala m'nyumbamo ayenera kulidziwa. Bulichi asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi ozizira. Akakumana ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa chlorine. Akakumana ndi mankhwala okhala ndi ammonia, amatulutsanso mpweya wina woopsa. Zonsezi zimawotcha maso ndi mapapo, ndipo bafa ndi kachipinda kakang'ono. Ngozi imeneyi imachitika kwambiri pamene anthu ali awiri: wina wathira mankhwala ake m'chimbudzi n'kuwasiya, mnzake osadziwa wabwera n'kuwonjezera bulichi. Choncho wothira mankhwala anene, ndipo wofuna kuthira agejemule kaye. Mukamva fungo lotsamwitsa, tulukani, siyani chitseko ndi zenera zotsegula, musayambe kukolopa muli momwemo.

Kasungunulidwe kake: ngati botolo lalembedwa 5%, gawo limodzi la bulichi pa magawo 49 a madzi limakwana popukuta malo ogwiridwagwiridwa, ndiko kuti mamililita 20 mu lita imodzi. Pomwe pagwera magazi kapena masanzi, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi. Tsukani kaye ndi sopo n'kutsukuluza, chifukwa litsiro limafooketsa bulichi. Akapakidwa asapukutidwe nthawi yomweyo, akhale mphindi zingapo. Wosungunula kale amatha mphamvu, ndiye konzani wokwanira tsiku lomwelo. Valani magolovesi.

Wina akadwala m'mimba kapena kusanza, pogejemulira, mipopi ndi chogwirira chitseko zipukutidwe tsiku lililonse, kathawulo ka m'manja kasagawanidwe, ndipo kusamba m'manja kukhale kwa masekondi 20 ndi sopo.

a Chirwa:
Ndafika mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndiwonjezere za mapaipi, chifukwa zambiri zimene anthu amalozerana chala zimayambira kumene maso saona.

Paipi yotulutsa madzi a mu sinki ndi yaing'ono, mamilimita 32 mpaka 40, ya shawa 40 mpaka 50. Tsitsi lokha likhoza kudutsa, koma likakumana ndi zotsalira za sopo ndi mafuta odzola limapota chingwe chimene chimakola china chilichonse. Chizindikiro choyamba ndi madzi kuima m'mapazi posamba. Musadikire kuti atsekeretu. Chotsani chivindikiro cha potulukira madzi, lowetsani waya wopindidwa kumapeto ngati mbedza, kapena kapulasitiki kaminga kogulitsidwira ntchito imeneyi, mupotoze n'kukoka. Kasefa kokola tsitsi kamathetsa vuto lonseli ngati kakutsukidwa tsiku ndi tsiku. Ndipo tisamanamizire wa tsitsi lalitali yekha. Ndevu zometedwa ndi mankhwala otsukira mano ouma ndi zimene zimatseka sinki.

Pansi pa sinki pali paipi yopindika ngati chilembo U, kapena kabotolo komasula. Mmenemo mumakhala madzi nthawi zonse, ndipo madziwo ndi amene amatchinga mpweya wonunkha wa m'ngalande kuti usabwerere m'nyumba. Sinki ikayamba kuchedwa, ikani ndowa pansi, masulani ndi manja, tsukani, bwezerani mosamala kalabala kake kasapindike. Ngati bafa likununkha chonsecho ndi loyera, ganizirani potulukira madzi pamene sipagwira ntchito kawirikawiri, monga kabowo ka pansi. Madzi ake akauma, fungo limadutsa. Thiranimo lita imodzi ya madzi, fungolo limatha. Anthu ena amakhala akukayikirana za ukhondo pamene vuto ndi limeneli.

Mankhwala amphamvu otsegulira mapaipi ndimawakayikira. Amatentha kwambiri, amawotcha khungu, ndipo akalephera kutsegula amakhala m'paipimo kudikira munthu amene adzamasule. Madzi owira kumene musathire m'mbale ya chimbudzi, ikhoza kung'aluka.

M'chimbudzi mulowe zotuluka m'thupi ndi tishu basi. Paipi yake ndi yaikulu, mamilimita 100 mpaka 110, koma mapadi, makondomu, thonje, timitengo totokosera m'makutu, ulusi wa m'mano ndi tinsalu tonyowa topukutira sizisungunuka ngati tishu, ngakhale paketi italembedwa kuti n'zogejemula. Ndiye m'bafa mukhale bini ya chivindikiro yokhala ndi pulasitiki m'kati, pafupi ndi chimbudzi. Popanda bini, mlendo kapena mnzanu wamanyazi adzagejemula zimene samayenera.

Mayi Nyirenda:
A Chirwa, pali zimbudzi zina zimene zimangolira usiku wonse, ndipo anthu amanenana kuti wina sagejemula bwino. Chimachititsa n'chiyani?

a Chirwa:
Kawirikawiri palibe wolakwa, mayi. M'thanki muli zinthu ziwiri zimene zimatha. China ndi kalabala ka pansi kamene kamatseka madzi mukatha kugejemula. Kakauma kapena kugwira dothi, madzi amadontha pang'onopang'ono kulowa m'mbale ndipo thanki imangodzaza kosalekeza. Kuti mudziwe, donthezani utoto wa zakudya m'thanki, dikirani mphindi 20 osagejemula. Utoto ukaoneka m'mbale, kalabalako kasinthidwe. Chachiwiri ndi choyandama chimene chimatseka madzi olowa. Chikakwera kwambiri, madzi amasefukira m'kapaipi kotayira. Chitsitseni kuti madzi aziima masentimita awiri kapena atatu pansi pa kamwa la kapaipiko. Musanagwire chilichonse tsekani kampopi ka kuseri kwa chimbudzi. Onse okhala m'nyumbamo adziwe pamene kampopi kameneka kali, komanso mpopi waukulu wa nyumba yonse, chifukwa madzi akaphulika sadikira kuti wodziwayo abwere. Ngati nyumba ndi ya lendi, gwirizanani kuti ndani amauza mwini nyumba, kuti aliyense asamaganize kuti mnzake wanena kale.

a Jere:
Tsono nkhani ija yotchuka: pokhalira pakhale pokweza kapena potsitsa?

Mayi Kalua:
Zonse zitsike, pokhalira ndi chivindikiro chomwe, musanagejemule. Madzi akamagejemuka amaponya timadontho tosaoneka m'mwamba, ndipo timagwera pa zinthu zapafupi. Chivindikiro sichitchinga tonse, koma chimachepetsa tikulutikulu, komanso chimateteza mswachi, chipeso kapena foni kugweramo. Ubwino wina ndi wakuti lamuloli limagwira onse mofanana: aliyense amakweza pofika, aliyense amatsitsa pochoka. Wokodza choimirira apukute madontho a pamkombero ndi pansi nthawi yomweyo. Miswachi ikhale kutali ndi chimbudzi mmene malo angalolere.

a Mbewe:
Ndibwererenso pa chinyontho, popeza ndi chimene chimabala chuku chakuda m'makona. Chuku chimakonda malo amene chinyezi cha mumpweya chimapitirira 60% kwa nthawi yaitali, ndipo anthu awiri akasamba motsatizana makoma sapeza mpata wouma. Fani yotulutsa mpweya iyatsidwe musanatsegule shawa ndipo ikhalebe yoyaka mphindi 20 mutatuluka. Kuti muone ngati ikukoka, ikani kachidutswa ka tishu pa sefa yake. Kakagwa ndiye kuti yadzaza fumbi kapena yafooka. Popanda fani, tsegulani zenera. Katani ya shawa itambasulidwe mukamaliza, chifukwa ikakhala yopindikana m'makwinya mwake simuuma. Thawulo limauma bwino pa kandodo litatambasulidwa kusiyana ndi pa mbedza litaunjikana, ndipo mathawulo awiri asasanjikizane.

Za magetsi: choumitsira tsitsi kapena makina ometera asasiyidwe pa soketi pafupi ndi sinki, ndipo waya wowonjezera wochokera kuchipinda asalowe m'bafa. Nyumba ikhale ndi chodulira magetsi cha RCD cha 30 mA, chimene chimazimitsa magetsi chokha akayamba kudutsa posayenera monga m'thupi la munthu, ndipo batani lake loyesera lizidinidwa nthawi ndi nthawi.

Achemwali Tadala:
Pa chuku ndiwonjezere. Cha m'mizere ya pakati pa matayilosi chimachoka ndi bulichi wosungunula ndi mswachi wakale. Koma chikalowa m'kati mwa silikoni wa m'mbali mwa shawa kapena sinki, kukwecha n'kungotaya mphamvu. Silikoniyo adulidwe ndi mpeni, malowo atsukidwe ndi kuuma bwinobwino, apakidwe watsopano wa m'bafa, ndipo madzi asafikepo kwa maola 24. Tsiku limenelo mugwirizane pasadakhale, poti palibe amene adzasambe pamenepo.

Zoyera zouma zimene zimatseka timabowo ta shawa ndi miyala ya m'madzi. Thirani viniga m'kapulasitiki, mangirirani kumutu kwa shawa kuti umire, siyani ola limodzi, kenako tsukuluzani. Madzi amayambanso kutuluka mofanana, ndipo munthu sachedwa kuchotsa sopo. Viniga asakhudze mwala wa marble, amaudya. Ndipo monga anenera Mayi Kalua, tsiku la viniga lisakhale la bulichi.

Mayi Gondwe:
Malo oika zinthu nawo amayambanitsa. Pamwamba pa sinki pakhale sopo wa m'manja ndi miswachi basi. Zina zonse aliyense akhale ndi shelefu yake kapena kabasiketi kake, ndipo malo agawidwe mofanana ngakhale wina ali ndi mabotolo awiri okha. Wa zinthu zambiri asunge zotsalazo kuchipinda n'kumabwera nazo m'kabasiketi konyamula. Botolo lotha litayidwe ndi mwini wake. Cha mnzanu, kaya shampu kaya mafuta, musatapeko musanapemphe, ngakhale pang'ono, chifukwa chimene chimapweteka si kuchuluka kwa zomwe mwatapa koma kupeza botolo lopepuka pa tsiku limene umalidalira.

Zogawana zilembedwe: tishu, sopo wa m'manja, mankhwala okonzera, mapulasitiki a mu bini. Mugule mosinthana kapena musonkhe pa mwezi. Womaliza tishu aike wina pa choikira, ndipo wotsegula mpukutu womaliza wa m'paketi anene tsiku lomwelo. Mpukutu umodzi wapadera uzikhala pofikika munthu ali chikhalire.

Mayi Kalua:
Pa mashelefupo, mankhwala akumwa asasungidwe m'bafa. Kutentha ndi chinyontho zimawawononga msanga. Komanso mankhwala a munthu ndi chinsinsi chake, makamaka pakati pa ongogawana nyumba ndi alendo awo.

a Jere:
Chatsala ndi ulemu wa pachitseko. Chitseko chotseka chigogodedwe, ngakhale kwa anthu okwatirana. Ena savutika kuti mnzawo alowe kudzatsuka mano iwo akusamba, ena safuna m'pang'ono pomwe, ndipo wofuna kukhala yekhayo ndiye atsatidwe popanda kumufunsa zifukwa. Loko wabwino wa bafa ndi amene amatsekulika kunja ndi kandalama kachitsulo kapena sikuludiraiva, chifukwa m'bafa anthu amaterereka ndi kukomoka. Za fungo, zenera kapena fani, chivindikiro chotsitsa ndi chitseko chotseka zimagwira ntchito kuposa kupopera mafuta onunkhira ambiri, amene ena amawatsamwitsa. Wosamba usiku kwambiri kapena mbandakucha akumbuke kuti phokoso la mapaipi ndi fani limadutsa khoma.

Mayi Nyirenda:
Zikomo nonse. Funso lomaliza kwa ine: mwagwirizana zonsezi, koma mnzanu akubwerezabe kusiya tsitsi kapena thawulo pansi. Mumuuze bwanji osayambana?

Mayi Gondwe:
Nthawi ndi yofunika, mayi. Osati m'mawa munthu akuthamanga, osati kukuwa muli m'bafa, osati pamaso pa alendo. Dikirani madzulo mutakhala pansi. Tchulani chinthu chimodzi, chooneka, ndi chimene mukupempha: "Tsitsi likatsala pa kasefa madzi amaima. Mungamalichotse mukamaliza?" Mawu akuti "ndinu auve" kapena "nthawi zonse mumatero" amachititsa munthu kudziteteza m'malo momva. Timapepala tomata pa kalilole ndi zithunzi za litsiro zotumiza pa foni zimakwiyitsa kuposa mawu a pakamwa. Funsaninso kuti, "Nanga ine pali chimene ndimasiya chokusowetsani mtendere?" ndipo yankho lake mulilandire.

a Chirwa:
Musanabwereze kudandaula kachitatu, yang'anani ngati malowo akuthandiza munthuyo kuchita chimene mukupempha. Thawulo limagwa pansi ngati popachika pali pamodzi pokha kapena pali kutali ndi shawa. Tsitsi limasiyidwa ngati bini ili panja. Zovala zakuda zimaunjikana pakona ngati dengu lochapira lili kuchipinda china. Kandodo kachiwiri ka thawulo kakhomedwe poti dzanja lifika munthu asanaponde pansi, pafupifupi masentimita 120 kuchokera pansi. Pobowola matayilosi matani kaye tepi pamalopo kuti chobowolera chisaterereke, musayatse hammer (mbali ya chobowolera imene imamenya ngati nyundo), ndipo pewani mzere wolunjika pamwamba kapena pansi pa mpopi ndi swichi, chifukwa mapaipi ndi mawaya amadutsa mmenemo. M'nyumba ya lendi imene saloleza kubowola, mbedza zokoleka pamwamba pa chitseko zimagwira ntchito yomweyo.